Kodi Chaulukachi N'chiyani? Mafunso ndi Mayankho pa Mapiko a Tizilombo

Mvula yoyamba ikangogwa, tizilombo touluka timachuluka paliponse: pakhonde, kudimba, munkhokwe ngakhale kuchipinda. Tina ndi ndiwo, tina timafalitsa matenda, tina timawononga mbewu, ndipo tambiri timathandiza mlimi koma sitiyamikiridwa. Njira yachidule yotisiyanitsira ndi kuyang'ana mapiko: alipo angati, ndi olimba kapena ofewa, ndipo amakhala bwanji kachilomboko kakatera. Nawa mafunso amene anthu amakonda kufunsa pa nkhaniyi.

Kodi kachilombo kamakhala ndi mapiko angati?

Kachilombo kenikeni kali ndi miyendo 6, ndipo thupi lake lili ndi zigawo zitatu: mutu, chifuwa ndi mimba. Miyendo ndi mapiko zimamera pachifuwa. Tizilombo tambiri tili ndi mapiko anayi, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo.

Gulu lodziwika lokhala ndi mapiko awiri okha ndi la ntchentche, momwe mulinso udzudzu, kashembe ndi nkhungu za kunyanja. Pamalo pa mapiko akumbuyo pali timapesi tiwiri tokhala ndi kamutu kunsonga. Timapesiti timanjenjemera ntchentche ikamauluka n'kumaidziwitsa ngati yapendekeka, n'chifukwa chake imatha kukhota mwadzidzidzi osagwa.

Palinso tizilombo topanda mapiko ouluka nawo, monga nsikidzi, nsabwe, utitiri ndi matekenya. Kangaude, nkhupakupa ndi chinkhanira zikakula zimakhala ndi miyendo 8, choncho sizili m'gululi, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe cha mapiko.

Nanga mapikowa amapangidwa ndi chiyani, ndipo amamera liti?

Phiko ndi chikopa chopyapyala cha thupi lomwelo chimene chinatambasuka, ndipo chimalimba ndi mitsempha. M'phikomo mulibe mnofu. Minofu yonse youlutsa ili m'chifuwa.

Mapiko ouluka nawo amabwera kachilombo kakakhwima, ndipo kakafika pamenepo sikakulanso. Kantchentche kakang'ono kamene kamazungulira pa mango akupsa si mwana wa ntchentche yaikulu ayi, ndi mtundu wina umene wafika kale pamapeto a msinkhu wake. Mwana wa ntchentche ndi mphutsi, mwana wa gulugufe ndi mbozi. Ana a tizilombo tina monga ziwala ndi mphemvu amafanana ndi makolo awo chibadwire, koma amakhala ndi timapiko tosakhwima mpaka atafundula komaliza.

Mukadzapeza gulugufe akutuluka m'chikwa, dzaimeni pang'ono muone. Amatuluka mapiko ali onyowa, ofota ndi okwinyika, mimba ili yotupa. Amadzikoleka pakamtengo mapiko atalendewera pansi, kenaka amakankhira madzi a m'thupi m'mitsempha ija. Mapiko amayamba kutambasuka inu mukuona, mimba n'kumaphwa. Akatero amadikira ola limodzi kapena kupitirira kuti aume. Mukamugwira nthawi imeneyi, mapiko amauma chopindika ndipo sadzaulukanso bwino, chifukwa phiko likawonongeka silimeranso. Akatswiri a kashembe amagwiritsa ntchito mfundo yomweyi: amayerekeza masiku amene kashembe wakhala ndi moyo poona m'mene m'mphepete mwa mapiko ake mwanyotsokera.

Tizilombo ndito tinayamba kuuluka, mbalame ndi mileme kusanabwere. M'miyala ya zaka pafupifupi 300 miliyoni ku France munapezeka zidindo za kachilombo kofanana ndi tombolombo, kotchedwa Meganeura, kamene mapiko ake akatambasuka ankafika masentimita pafupifupi 70.

Ndikaona kachilombo kachilendo, ndiyambire pati?

Dikirani katere, kenaka muone mapiko akutsogolo.

Ngati ndi olimba gwa, ndipo akumana pamzere wowongoka pakati pa msana, chimenecho ndi chikumbu. Anankafumbwe ndi ziphaniphani ali m'gulu limeneli.

Ngati ndi okhuthalako koma opindika, aataliatali, ophimba mapiko ena ofewa, ndi gulu la ziwala, nkhululu ndi abwannoni, kapena mphemvu ndi chiswamphika.

Ngati ndi olimba chakuphewa koma ofewa kunsonga, ndipo nsongazo zapingasana pamsana, ndi gulu la nkhunguni, lomwe lili ndi mlomo wobaya ndi kuyamwa.

Ngati akusiya fumbi pazala, ndi gulugufe, wa masana kapena wa usiku.

Ngati ndi oonekera mkati, awerengeni. Awiri ndi gulu la ntchentche. Anayi angakhale njuchi, mavu, nyerere, ngumbi, nyenje kapena tombolombo.

Njira imeneyi ndi yakale. M'chaka cha 1758 katswiri wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anagawa tizilombo m'magulu 7 potengera mapiko, ndipo mayina ambiri amene anagwiritsa ntchito alipobe. Mu 1898 akatswiri awiri a ku America, John Comstock ndi James Needham, anakonza njira yotchulira mtsempha uliwonse wa phiko ndi dzina lake, kuti mitundu yofanana kwambiri izisiyanitsidwa mosaphonya.

Ngumbi ndi mafulufute zonse zimatuluka ndi mvula. Kodi n'zapachibale?

Ayi, n'zotalikirana kwambiri. Ngumbi ndi chiswe chomera mapiko, ndipo chiswe chili pachibale ndi mphemvu. Mafulufute ndi nyerere, ndipo nyerere zili pachibale ndi mavu ndi njuchi.

Ikani ziwirizi pachikhatho muone. Ngumbi ili ndi mapiko anayi ofanana kutalika, otalika pafupifupi kuwirikiza thupi lake, ndipo ikatera amasanjikizana bwinobwino pamsana. Tinyanga take n'towongoka, ndipo ilibe chiuno: chifuwa ndi mimba zangolumikizana. Nyerere ya mapiko ili ndi mapiko akutsogolo aakulu kuposa akumbuyo, tinyanga topindika pakati, ndi chiuno chowonda.

Mapiko a ngumbi ndi a ulendo umodzi wokha. Patsinde pa phiko lililonse pali kamzere kofooka, moti ngumbi ikatera n'kudzigwedeza pang'ono, onse anayi amathothoka nthawi imodzi. Apa ndi pamene mumaona ziwiriziwiri zikutsatana pansi, yaikazi patsogolo, yaimuna pambuyo, kufunafuna pokumba. Zikapulumuka ku achule, mbalame ndi ana a mabeseni, zimayambitsa chulu chatsopano, ndipo zimakhala limodzi zaka zambiri, yaikaziyo ikuikira mazira masauzande ambiri pa tsiku. Kwa nyerere n'zosiyana: yaimuna imafa ikangokwera, ndipo yaikazi imadzithothola yokha mapiko n'kuyamba mudzi payokha.

Kuthothoka msangaku ndiko kumapeputsa ntchito ya amayi. Ngumbi zikakazingidwa n'kuyanikidwa, kungozipeta palichero mapiko amauluka onse.

Pali chenjezo limodzi. Mukapeza mulu wa timapiko tofanana kutalika m'nyumba, pawindo kapena pansi pa chitseko, fufuzani mafelemu, mitanda ndi m'munsi mwa zipupa. N'kutheka kuti zangolowa kuchokera panja, koma n'kuthekanso kuti chiswe chakhazikika kale m'nyumbamo.

N'chifukwa chiyani ngumbi zimathamangira nyale?

Kafukufuku wina amene anasindikizidwa mu 2024, wojambula tizilombo ndi makamera othamanga kwambiri, anaonetsa kuti kachilombo kakamauluka kamalozetsa msana wake kumene kukuwala, chifukwa mwachilengedwe kumwamba ndiko kumawala kuposa pansi. Kakafika pafupi ndi babu, kamayesa babulo ndi thambo, n'kumangolizungulira mpaka kutopa. Beseni la madzi pansi pa nyale limangolandira zotopazo.

Kodi udzudzu wa malungo ungadziwike ndi mapiko?

Inde. Udzudzu wofalitsa malungo ndi wa mtundu wa Anopheles, ndipo mitundu yake yovutitsa kwambiri kuno ndi Anopheles gambiae, Anopheles arabiensis ndi Anopheles funestus. Mapiko ake ali ndi timawanga takuda ndi toyera, makamaka m'mphepete mwa kutsogolo. Pa 20 Ogasiti 1897, dokotala Ronald Ross ali ku Secunderabad m'dziko la India, anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu wa mapiko amawanga ngati umenewu. N'chifukwa chake tsiku limeneli limakumbukiridwa chaka ndi chaka ngati tsiku la udzudzu pa dziko lonse.

Timawangati n'tovuta kuona popanda galasi lokuzira, choncho onani kakhalidwe kake pakhoma. Anopheles ukatera umaloza mutu kukhoma, matako ali m'mwamba, thupi lonse ndi mlomo zili pamzere umodzi wopendekeka. Udzudzu wa Culex, umene umachuluka m'matauni chifukwa umaswana m'madzi onyansa a m'ngalande ndi m'zimbudzi, umakhala chogona, msana utapindika pang'ono, ndipo mapiko ake alibe mawanga. Wa Aedes ndi wakuda, wa mizere yoyera m'miyendo, ndipo umakonda kuluma masana.

Umene umaluma ndi waukazi wokha. Waumuna umadziwika ndi tinyanga ta ubweya wambiri, ndipo umangomwa timadzi ta maluwa. Chija chachikulu cha miyendo italiitali chimene ana amati ndi mfumu ya udzudzu sichiluma n'komwe.

Komabe musadalire maso. Anopheles umaluma usiku anthu ali mtulo, nthawi zambiri osaumva. Neti ndiyo chitetezo, ndipo thupi likatentha, kayezetseni magazi.

Kulira kwa udzudzu, njuchi ndi nkhululu kumachokera kuti?

Udzudzu ulibe mawu. Chimene mumamva ndi mapiko akukupiza maulendo oposa 400 pa sekondi imodzi. Njuchi imakupiza maulendo pafupifupi 230, ntchentche ya m'nyumba pafupifupi 200, tombolombo cha m'ma 30, pomwe agulugufe ambiri amangofika cha m'ma 10, n'chifukwa chake samveka. Udzudzu waumuna umapeza waukazi pomvera kulira komweku ndi tinyanga take tija.

Nkhululu ndi abwannoni amaimba pokhulanitsa mapiko akutsogolo, lina lili ndi timano, lina lili ndi kokwechera. Nkhululu yoimba pakhomo pa una madzulo ndi yaimuna, ikuitana yaikazi. Ziwala zambiri zimakwecha mwendo wakumbuyo paphiko. Nyenje yokha phokoso lake silichokera m'mapiko: yaimuna ili ndi tizikopa tiwiri m'mbali mwa mimba timene imatinjenjemeretsa mwamphamvu.

Kashembe amasiyana bwanji ndi ntchentche wamba?

Funso limeneli likhoza kupulumutsa moyo wa munthu wokhala kapena woyenda pafupi ndi nkhalango za Nkhotakota, Vwaza, Kasungu ndi Liwonde, kapena m'chigwa cha Luangwa ku Zambia.

Ntchentche ya m'nyumba ikatera, mapiko ake amatasukako, nsonga zake zili padera. Kashembe akatera amasanjikiza mapiko limodzi pamwamba pa linzake ngati sizasi yotseka, ndipo amapitirira kumapeto kwa mimba. Mlomo wake umaloza kutsogolo, woonekera bwino. Mukamupha, yang'anitsitsani phiko lake kowala: pakati pake mitsempha imapanga chithunzi cha kankhwangwa. Chizindikiro chimenechi n'cha kashembe yekha. Thupi lake ndi lotuwa moderako, lalikulupo pang'ono kuposa la ntchentche wamba.

Mosiyana ndi udzudzu, kashembe wamwamuna ndi wamkazi yemwe amayamwa magazi, ndipo amaluma masana, mopweteka, ngakhale pamalaya. Amakopeka ndi zinthu zoyenda monga galimoto, komanso nsalu zabuluu ndi zakuda. Nsalu za maonekedwe amenewa zimene mumaziona zitapachikidwa m'malire a nkhalango ndi misampha yake, ndipo zambiri zimakhala zonyikidwa m'mankhwala. Si zotola.

Sikuti kashembe aliyense ali ndi matenda, koma ena amafalitsa kaodzera kwa anthu komanso matenda oonda kwa ng'ombe. Kaodzera wa kuno ndi wachangu: amayamba ndi chotupa polumidwapo, kutentha thupi ndi mutu, ndipo akhoza kupha m'masabata kapena miyezi yochepa ngati munthu salandira mankhwala. Popeza amafanana ndi malungo, uzani adokotala kuti munali kudera la kashembe. Zipatala za boma za Rumphi ndi Nkhotakota ndizo zimalandira odwala ambiri a matendawa m'Malawi.

Nanga nkhungu za kunyanja, si udzudzu umenewo?

Zimafanana nawo, ndipo zili ndi mapiko awiri, koma zilibe mlomo woboola khungu, choncho siziluma. Dzina lake la sayansi ndi Chaoborus edulis. Mphutsi zake zimakhala m'madzi akuya a nyanja ya Malawi, zimakwera pamwamba usiku kukadya, ndipo ndi chakudya cha nsomba zambiri. Zikakhwima zimatuluka pamodzi miyandamiyanda, makamaka mwezi ukakhala kumdima, moti mlendo amayesa kuti china chake chikupsa pakati pa nyanja. Zimakhala ndi moyo masiku ochepa chabe. Anthu a ku Nkhata Bay, Likoma ndi madera ena a m'mphepete mwa nyanja amazikola pozunguza dengu m'mwamba, n'kuziumba timitanda ta ndiwo. David Livingstone anaona chakudya chimenechi ali kunyanjayi mu 1861 ndipo anachilemba.

Dzombe limasiyana bwanji ndi ziwala zina?

Dzombe ndi chiwala ndithu, koma cha mtundu umene umasintha khalidwe chikachulukana: chimasiya kukhala pachokha n'kuyamba kuyenda chigulu. Lodziwika kuno ndi dzombe lofiira. Ndi lalikulu, lili ndi mzere woyera pamsana, mapiko akutsogolo ali ndi mizere yoderako yopingasa, ndipo mukatambasula phiko lakumbuyo la dzombe lokhwima mupeza kufiira chakutsinde.

Limaswana m'madambo aakulu a udzu, monga a nyanja za Chilwa ndi Chiuta, dambo la Mpatsanjoka ku Salima, chigwa cha Kafue ndi Mweru wa Ntipa ku Zambia, ndi chigwa cha Rukwa ku Tanzania. Mliri wake waukulu womaliza unayamba mu 1930 n'kutha mu 1944, ndipo unakuta mbali yaikulu ya Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara. Lero bungwe la IRLCO-CSA, lomwe likulu lake lili ku Ndola, limalondera madambo amenewa.

Apa mapiko ndi nkhani yaikulu. Dzombe limaikira mazira kumayambiriro kwa dzinja, ndipo ana ake amatha miyezi iwiri kapena kuposerapo akungodumpha. Nthawi yolithetsa ndi imeneyo. Likamera mapiko cha kumapeto kwa mvula, likhoza kuchoka padambo n'kukatera m'minda yakutali. Mukaona ana a ziwala ochuluka modabwitsa akuyenda njira imodzi, dziwitsani alangizi msanga, ndipo musadye dzombe la pamalo popoperedwa mankhwala.

Si chiwala chilichonse chimauluka. Anunkhadala ambiri ali ndi timapiko tifupitifupi, ndipo tsokonombwe wamkazi alibiretu. Akuluakulu anaona bwino pamene ankati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Kuti musiyanitse chiwala ndi bwannoni, onani tinyanga: ta chiwala n'tatifupi, ta bwannoni n'tatitali ngati thupi lake kapena kuposa.

Kodi nankafumbwe amauluka?

Eya. Pansi pa mapiko olimba aja pali ena ofewa, opindidwa mosamala. Nankafumbwe wa chimanga amatha kuchoka munkhokwe yakale n'kukalowa m'chimanga chikadali kumunda, n'chifukwa chake kuchedwa kukolola ndi kusasesa nkhokwe kumabweretsa chitayiko.

Pali mitundu iwiri yofunika kuisiyanitsa. Wakale uja ali ndi mlomo wautali ndi timawanga tinayi tofiirira pamapiko. Nankafumbwe wamkulu, amene kwawo ndi ku Central America, anafika ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kulowa m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Iyeyu alibe mlomo wautali, mutu wake unaweramira pansi, thupi n'lobulungira, ndipo mapiko amathera modukiza kumbuyo. Amasiya ufa wambiri, ndipo amaboola makaka ndi mitengo ya nkhokwe yomwe.

Agulugufe onse ndi abwino?

Fumbi lotsala pazala mukagwira gulugufe ndi timamba tosanjikizana, ndipo ndi timene timapanga maonekedwe ake. Wa masana akatera amaimika mapiko pamodzi m'mwamba, ndipo tinyanga take tili ndi kamutu kunsonga. Wa usiku amagoneka mapiko pamsana kapena kuwayala, thupi lake n'lonenepa, ndipo tinyanga tilibe kamutu.

Akuluakuluwo sadya masamba. Owononga ndi ana awo. Chitsanzo ndi mbozi ya ntchemberezandonda yochokera ku America, imene inapezeka mu Africa mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 inachititsa boma la Malawi kulengeza za ngozi m'maboma 20. Kholo lake ndi gulugufe wa usiku wosaoneka bwino, wa masentimita 3 mpaka 4 akatambasula mapiko. Akutsogolo ndi otuwa moderako, ndipo wamwamuna ali ndi banga loyera kunsonga. Akumbuyo ndi oyera, m'mphepete mwake muli mzere wakuda. Mothandizidwa ndi mphepo amatha kuuluka makilomita 100 usiku umodzi. Akayamba kugwidwa ambiri m'misampha ya alangizi, ndiye kuti yakwana nthawi yoyendera chimanga n'kumasuzumira m'mitima yake.

Ndi tizilombo titi timene sitiyenera kuphedwa?

Tombolombo akatera amasiya mapiko anayi ali chitambasukire, odzaza mitsempha. Saluma munthu, ndipo amadya udzudzu ndi ntchentche, pomwe ana ake m'madzi amadya mphutsi za udzudzu. Chiswamphika chimadya tizilombo tina. Kachikumbu kozungulira, konyezimira, kofiira ndi madontho akuda kamadya nsabwe za pamasamba, ngakhale kali ndi abale ake osanyezimira, a tiubweya, amene amadya masamba a maungu.

Njuchi, bemberezi ndi mavu ali ndi mapiko anayi, koma amaoneka ngati awiri chifukwa lakutsogolo ndi lakumbuyo amakolana ndi timbedza. Palinso ntchentche zina za mizere yachikasu ndi yakuda zimene zimaima malo amodzi m'mwamba pafupi ndi maluwa. Zili ndi mapiko awiri, maso aakulu ndi tinyanga tatifupi. Zilibe mbola, zimathandiza mbewu kubereka, ndipo mphutsi za mitundu yambiri zimadya nsabwe za pamasamba.

Nanga tosayenera kugwira ndi manja?

Kachilombo kowala kwambiri, kofiira, kachikasu kapena kaolenji kosakaniza ndi kuda, koyenda mosaopa, nthawi zambiri kamakhala ndi poizoni kapena kamanunkha. Nunkhadala ndi chitsanzo. Chikumbu chachitali, chakuda ndi mizere yachikasu, chimene chimadya maluwa a nyemba ndi nandolo, chimatulutsa madzi otupitsa matuza. Palinso kachikumbu kowonda, kakuda ndi kofiirira, ka timapiko tifupi tosiya mimba pamtunda, kamene ku Kenya amati Nairobi fly. Sikaluma, koma mukakatswanyira pakhungu kamawotcha. Kauzireni kapena kachotseni ndi pepala, ndipo ngati katswanyika, sambani ndi sopo msanga osagwira m'maso.

Ndikalephera kukazindikira, nditani?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kajambuleni ndi foni kuchokera pamwamba ndi cham'mbali, mapiko akuoneka, mutaika kamtengo ka machesi pambali kuti kukula kwake kudziwike. Kumbukirani pamene mwakapeza, nthawi yake, ndi chimene kamadya. Ngati n'kotheka, kaikeni m'botolo osakaphwanya, pamodzi ndi tsamba kapena njere zimene kawononga. Za kumunda pitani nazo kwa alangizi a zaulimi, za matenda kwa alangizi a zaumoyo. Amene ali ndi intaneti angatumize chithunzi pa iNaturalist, pamene akatswiri ndi anthu ena okonda zachilengedwe amathandiza kupeza dzina.

Mankhwala ophera tizilombo ndi okwera mtengo, ndipo sasankha mdani kapena bwenzi. Musagule musanadziwe chimene mukulimbana nacho. Ngati kupopera kuli kofunikadi, tsatani malangizo a pabotolo, ndipo poperani madzulo njuchi zitachoka pamaluwa.